Mukufuna kulemba mbiri ya moyo wanu koma poyambira pakusowa? Yesani izi

Ine ndinatha zaka pafupifupi zitatu ndikungonena kuti ndilemba za moyo wanga. Kope ndinagula, lachikuto cholimba lakuda lija, koma ndikati ndikhale pansi usiku ana atagona ndimangolemba kuti "Ndinabadwa mu 1978 ku Ntchisi" basi mutu gwa, palibenso chobwera. Osati nkhani ndinalibe ayi. Munthu woti wakulira ku Chiputula mu Mzuzu, bambo ake akuyendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa, mayi ake akugulitsa tomato mumsika waukulu muja, waona makadi a chipani, waona referendamu, waika makolo onse awiri m'manda, angasowe bwanji nkhani? Vuto linali loti ndimadikira kuti maganizo andipeze pampando. Ndinazindikira mochedwa kuti zokumbukira zathu zinatsalira mu katundu, m'malo amene tinakhalamo ndi m'kamwa mwa achibale, ndiye umayenera kudzuka ndithu kukazitenga komweko. Izi ndi zimene zinandithandiza ine, mmene ndinazichitira, zina mutha kudumpha koma za sutikesi ndi za kufunsa akuluakulu chonde musadumphe.

Choyamba, tsiku lobadwa lisiyeni kaye.

Tsiku limenelo simulikumbukira, munangouzidwa, nchifukwa chake chiganizocho chimafera pomwepo. Zimene tikulemba pano si CV yofunsira ntchito, komanso si mbiri yowerenga pamaliro ija yoti anabadwa chaka chakuti, sukulu anaphunzira kwakuti, asiya ana angati. Tsegulani kope, patsamba loyamba lembani masiku khumi amene mukatsinzina mumawaona bwinobwino. Musafotokoze, mzere umodzi umodzi basi. Zanga zinali ngati izi: tsiku limene tinafika ku Mzuzu usiku pamwamba pa lole ine nditafunda thumba chifukwa cha kuzizira, tsiku limene mayi anabwezedwa pageti la msika chifukwa anaiwala khadi la chipani, tsiku limene ndinamva dzina langa kuti ndasankhidwa kupita ku sekondale. Zikakwana khumi yang'anani chimene chikukusowetsani mtendere kwambiri, kaya ndi chosangalatsa kaya chowawa, chimenecho ndiye poyambira panu. Ngakhale chili cha pamene munali ndi zaka 30, yambirani pompo, za kubadwazo zidzapeza malo ake kutsogolo.

Chachiwiri, jambulani nyumba imene munakuliramo.

Sikuti mukhale katswiri wojambula, mizere chabe. Khomo linali pati, mphasa yanu mumayala pati, mtsuko kapena ndowa ya madzi imakhala kona iti, koloboyi amayikidwa pati, wailesi amaipachika pa msomali uti. Kenako tulukani panja papepala pomwepo, bafa la udzu, chimbudzi, mtengo wa mapeyala, kanjira kopita kuchitsime, nyumba ya aneba amene anali ndi galu wolusa. Chodabwitsa nchoti dzanja limakumbukira zimene mutu unataya kalekale. Ine nditajambula zenera la kuchipinda kwa makolo ndinakumbukira kuti linalibe galasi, linali la katoni, ndipo mwezi wa June mphepo ikamalowa mayi amatsekapo ndi chitenje chawo cha chipani, pomwepo ndinalemba masamba awiri osaima. Pamalo aliwonse amene mwajambula dzifunseni kuti apa panachitika chani.

Chachitatu, tsegulani sutikesi.

Banja lililonse lili nayo, kaya ndi sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, kaya ndi chikwama chakale pamwamba pa wadiropu, kaya ndi Baibulo lodzaza mapepala mkati. Pezani Loweruka limodzi masana kuli dzuwa, yalani mkeka pakhonde, tulutsani chimodzi chimodzi osathamanga. Ya mayi anga ndinaitsegula patatha chaka atamwalira, loko wake anachita kuthyola mlamu wanga chifukwa kiyi anasowa. Fungo loyamba kutuluka linali la timibulu toyera tothamangitsa njenjete tija kuphatikiza sopo wa Sunlight amene amayika pakati pa zitenje, ndinakhala kaye chete osagwira kanthu. Pansi pa zitenje munali pepala la pulasitiki la shuga lomangidwa ndi mphira, mkati mwake khadi langa la kusikelo litachita chikasu, mzere wa kulemera kwanga ukukwera kenako pa miyezi ina ukutsika kwambiri, makadi a chipani a zaka zosiyanasiyana kuphatikizapo lina lolembedwa dzina la mng'ono wanga ali wakhanda, lipoti langa la Sitandade 5, ndi kalata imodzi ya malume yochokera ku migodi ku Joni yopempha kuti awatumizire chithunzi cha ana.

Nde apa mverani, musangoyang'ana nkubwezera. Chinthu chilichonse chifunseni mafunso atatu ndipo mayankho mulembe nthawi yomweyo: chinabwera bwanji m'nyumba muno, ndani anachigwira komaliza, ndipo nchifukwa chani sanachitaye. Funso lachitatuli ndi limene limabala nkhani. Mayi anga anataya zinthu zambiri posamuka, tinasamukapo kanayi mu Mzuzu momwemuno, koma khadi la kusikelo lija sanataye, ndiye ndinayamba kufufuza kuti miyezi imene mzere unatsika ija kunachitika chani, mpamene ndinamva kuti ndinadwala chikuku mpaka anthu anataya mtima. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo.

Zithunzi nazo musamangoona nkhope. Onani nsapato, onani amene waima kumapeto ngati sakufuna kujambulidwa, onani khoma lakumbuyo, tembenuzani muone ngati kuseri kuli deti kapena chidindo cha situdiyo. Ndipo dzifunseni kuti amene palibe pachithunzipo ndani, anali kuti tsiku limenelo. Mukamaliza jambulani zonse ndi foni musanabwezere.

Chachinayi, pitani ndi miyendo kumene munakhalako.

Osati pagalimoto kapena pa njinga yamoto, yendani wapansi, ndipo ngati nkotheka pitani nthawi yofanana ndi imene mumadutsako kale. Ngati mumapita kusukulu 6 koloko m'mawa nkhungu ili tolo, dzukani nthawi imeneyo mu June kapena July muyende njira yomweyo manja akuchita dzanzi, thupi lidzakukumbutsani lokha. Mzuzu wasintha kwambiri, paja tauniyi inayambira pa esiteti ya mitengo ya tung, yotulutsa mafuta, cha mu 1947 ndipo inakhala mzinda mu 1985, ife tikufika malo ambiri amene pano ndi nyumba zokhazokha kunali tchire ndi madimba. Nde musakhumudwe mukapeza kuti chitsime chinakwiriridwa kapena pabwalo pamene mumasewera mpira wachikulunga pali mpanda wa njerwa. Kusowako nakonso ndi nkhani, lembani chimene chilipo lero ndi chimene chinalipo, ziwirizo zikagundana chimatuluka chinthu.

Ine ndinapita ku Chiputula kunyumba yathu yoyamba, ndinaima panja nthawi ndithu kenako ndinalimba mtima nkunena odi. Anatuluka mayi wina manja ali ndi thovu, anandilonjera m'Chitumbuka, ine ndinayankha mmene ndimathera nkuwafotokozera kuti amayi pepani, ine ndinakulira m'nyumba muno, ndimangofuna ndione kuseri. Anandiyang'ana kaye, kenako anati pitani muone bambo, palibe vuto. Mtengo wa mapeyala unalipobe, ndipo pa thunthu pake waya amene bambo anamanga woyanikapo zovala anali atamira mkati mwa khungwa, kungotsala kansonga. Ndinagwira kansongako. Sindinalembe kanthu pamenepo, ndinakalemba nditakhala pa benchi ya tiyi ku Zigwagwa, ndipo ndikukulangizani chimodzimodzi, musamatulutse kope kapena kujambula pakhomo pa eni osapempha, thokozani, chokani, kalembeni pamalo apafupi musanafike kunyumba chifukwa mukafika kunyumba ana, nkhani za ndiwo ndi foni zifufuta theka.

Ngati kwanu kwenikweni ndi kutali, kaya ku Dedza, ku Mulanje kaya ku Nkhotakota, ulendo wa kumaliro, kuchinkhoswe kapena wokamanga chiliza ugwiritseni ntchito, onjezerani tsiku limodzi loti muyendeyende.

Chachisanu, funsani akuluakulu, koma funsani mwanzeru.

Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kuno kudzakhala nafe milungu iwiri, ine ndinawakhazika pampando nditagwira kope nkuti, azakhali tandiuzeni mbiri ya bambo. Anangoti, aa bambo ako anali munthu wabwino, wolimbikira ntchito, wosakonda ndewu. Basi nkhani yathera pompo. Funso lalikulu limabweretsa yankho la pamaliro. Mawa lake ndinawapeza kuseri akusankha nyemba m'lichero, ndinakhala pansi nkuyamba kusankha nawo, kope ndinalisiya m'nyumba, patapita nthawi ndinati, azakhali, kodi tsiku limene bambo ankanyamuka kumudzi kubwera kuno anavala chani? Anasiya nyemba zija. Anati, "Iwe, anavala jekete la agogo ako aamuna limene anabwera nalo ku Joni, manja ake aatali mpaka anapinda kawiri. Ndipo ndalama ya basi anagulitsa mbuzi yanga, yanga ine, anati achemwali ndikabweza ndikalandira, mpaka wapita osabweza." Anaseka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo anayankhula mpaka dzuwa kulowa, za njala, za mmene agogo anakanira ukwati wa makolo anga poyamba, zinthu zoti sindikanazifunsa chifukwa sindimadziwa nkomwe kuti zilipo.

Ndiye funsani tinthu ting'onoting'ono. Munadya chani tsiku la ukwati, sopo mumagula kuti, ndani anakuperekezani kudepoti, mvula inagwa kapena ayi. Funsani manja awo ali pa ntchito, akusenda chinangwa, akutongola chimanga, akuwotha mbaula madzulo, osati mutawakhazika ngati kukhoti. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, kuona maso a nkhono nkudekha. Akasakaniza zaka musawadule, mudzakonza nokha pambuyo. Ngati mukufuna kujambula mawu pafoni pemphani kaye, nenani kuti agogo ndikufuna adzukulu anu adzamve mawu anu, ambiri amavomera, ena amakana ndipo akakana lemekezani, mukangochoka kalembeni zonse mmene anayankhulira. Ndipo musapite chimanjamanja, kapaketi ka shuga ndi masamba a tiyi sikugula nkhani, ndi ulemu chabe.

Nkhani imodzi ifunseni kwa anthu awiri kapena atatu. Adzasiyana, wina ati mbuzi wina ati nkhuku zisanu, zilembeni zonse mmene zilili, kusiyanako kumaonetsa mmene aliyense anamuonera munthuyo. Chinanso, musachedwe. Azakhali aja anatisiya chaka chotsatira, ndipo mafunso amene ndinasunga kuti ndidzafunsa ulendo wina ndili nawobe m'kope.

Chachisanu ndi chimodzi, mangirirani nkhani zanu pa zimene dziko linadutsamo.

Pakati pa kope tengani masamba awiri, kumanzere lembani zaka kutsika pansi, pafupi ndi chaka chilichonse chinthu chimene aliyense amachidziwa, kumanja muzilemba kuti inu munali kuti. Izi zimathandiza pawiri, zimakupatsani deti ya zinthu zimene munaiwala chaka chake komanso zimadzutsa nkhani zogona. Mwachitsanzo 1989, pamene boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ife ana a kuno tinangoona aphunzitsi ena akulongedza ena akufika, kwa ine ndi chaka cha lipoti la Sitandade 5 lija. March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, mwezi wotsatira a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, kunyumba kwanu akuluakulu amayankhula bwanji masiku amenewo, monong'ona kapena amakuthamangitsani kuti kasewereni? Pa 14 June 1993 referendamu, nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. December chaka chomwecho asilikali analanda zida a Payoniya, ndipo moto wake unayambira ku Mzuzu konkuno. Mu 1994 chisankho komanso sukulu ya pulayimale yaulere, makalasi anadzaza mpaka ena pansi pa mitengo. Mu 1999 wailesi ya kanema ya TVM inayamba kuonetsa ndipo yunivesite ya Mzuzu, Mzuni, inalandira ophunzira oyamba ku Luwinga. Njala ya 2002. Pa 20 July 2011 zionetsero, anthu anafa mumzinda muno ena anaikidwa ku Zolozolo, tsiku limenelo aliyense wa ku Mzuzu amadziwa pamene anali. Kenako 2020 sukulu kutsekedwa chifukwa cha Covid.

Palinso tinjira tina todziwira chaka. Ngati mukukumbukira kuti uthenga winawake unabwera pa layini ya foni ya Celtel ndiye kuti 2008 isanathe, chifukwa chaka chimenecho inasanduka Zain, kenako Airtel mu 2010. Ngati munalipira ndi K1000 yapepala ndiye kuti ndi 2012 kapena pambuyo pake, ya K2000 inabwera mu 2016. Madeti a ubatizo ndi ukwati amapezeka m'mabuku a kumpingo, pitani mukapemphe mwaulemu kwa alembi. Amene mukufuna kukumba mozama, nyuzipepala zakale ndi makalata a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo museum ya mtauni muno ingakukumbutseni zipangizo zimene agogo amagwiritsa ntchito.

Koma chenjerani, musasanduke mphunzitsi wa History. Owerenga referendamu amaidziwa, chimene sakudziwa nchoti mayi anu anadzuka nthawi yanji kukaima pamzere ndipo atabwera anaphika chani.

Chachisanu ndi chiwiri nchachifupi: mphuno, lilime ndi khutu. Phikani chakudya chimene mumadya muli ana mmene chimaphikidwira nthawi imeneyo, kaya ndi chigumu, kaya futali, kaya kondowole wa usipa amene munaphunzira kwa aneba a ku Nkhata Bay, kaya tiyi wopanda mkaka ndi mbatata yootcha. Nunkhizani palafini, utuchi wa paini, dothi mvula yoyamba ikagwa. Imbani nyimbo ya kwaya kapena ya masewera a usiku kuli mwezi. Mukatero lembani kwa mphindi khumi osachotsa bolopeni papepala, osakonza sipelo, chilichonse chabwera.

Tsopano za zowawa, chifukwa mukakumba zifika ndithu.

Mudzapeza nkhani ya mowa wa bambo, ya katundu amene analandidwa maliro atatha, ya mwana wa kunja, ya matenda amene m'zaka za m'ma 1990 anatha anthu m'mabanja mwathu ife tikungoti anadwala nthawi yaitali. Maganizo anga ndi awa, lembani zonse kaye m'kope lanu lokha ngati palibe adzawerenge, chifukwa mukayamba kudzitchinga pa tsamba loyamba zonse zimatuluka zozizira. Za kuti anthu aone ziti mudzasankha pambuyo mutazizira mtima. Pamenepo mutha kusintha maina, kuchotsa mudzi, kapena kupita kwa mwini nkhani kukamuwerengera nkumufunsa ngati alola. Chinsinsi cha munthu wamoyo si chanu ngakhale munaliko. Ndipo ngati mukulemba kuti mubwezere wina, dikirani kaye, zimaonekera, yesani kulemba tsiku lomwelo mmene iyeyo akanalifotokozera muone ngati simupeza china. Tsiku lina mukalemba nkupeza kuti mtima walemera kwambiri tsekani kope, pitani mukacheze ndi munthu amene mumamukhulupirira, nkhaniyo siithawa.

Chilankhulo chisakumangeni. Ambiri timaganiza kuti buku ndiye Chingerezi, nde timakhala tikusaka mawu m'malo mosaka nkhani. Lembani mmene mumalotera. Ife a ku Mzuzu pakamwa pathu pamakhala Chichewa, Chitumbuka, pena Chitonga ndi Chingerezi zonse pamodzi, ngati aneba anakukalipirani m'Chitumbuka lembani m'Chitumbuka momwemo, ngati agogo amati "mwana wa mwana wanga" musawasinthire mawu. Amene kulemba kumakuvutani tsegulani WhatsApp, dzitumizireni voice note nokha mukufotokoza ngati mukuuza mnzanu pa minibasi, madzulo mumvetsere nkukopera m'kope. Nthawi zambiri zoyankhulazo zimakhala zamoyo kuposa zimene mukanalemba mutavala nkhope ya mayeso.

Chomaliza ndi nthawi ndi kasungidwe. Musadikire holide kapena kupuma pantchito, pezani mphindi 20 zokha pa nthawi yokhazikika, ine ndimalemba m'mawa madzi osamba ali pamoto, katatu pa sabata. Tsamba limodzi patsiku lotere pakutha pa chaka ndi masamba opitirira 150, pang'onopang'ono ndi mtolo. Polekeza musamalize nkhani yonse, siyani chiganizo chili pakati kuti mawa mupeze pogwira. Pezaninso munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti muzimuwerengera mokweza kamodzi pamwezi, ndipo muzimuyang'ana nkhope, pamene wafunsa kuti "ndiye zinatha bwanji?" mpamene pakufunika muwonjezere, pamene wayamba kuyang'ana foni mpofunika kudula.

Ndipo sungani kawiri. Tonse tikukumbuka December 2015 mmene laibulale ya ku Mzuni inapsera mabuku ankhaninkhani nkusanduka phulusa usiku umodzi, nanji kope limodzi m'nyumba ya lendi yodontha nthawi ya mvula ya kuno yosatha ija. Sabata iliyonse jambulani masamba atsopano ndi foni, tumizani ku imelo yanu kapena kwa mchemwali wanu amene ali kutali, mawu a agogo aja nawonso musawasiye mufoni mokha chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi.

Panopa ine ndili pa tsamba 94, pa nkhani ya usiku umene lole ya bambo inafera m'nkhalango ya Chikangawa ine ndili momwemo, tinagona m'kabini mpaka kucha akundifunditsa jekete lija la manja aatali. Sindikukumbuka ngati tinali awiri kapena panalinso wothandizira wawo, nde Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Ekwendeni kukaonana ndi mkulu wina amene ankagwira nawo ntchito, shuga ndagula kale.